A Diyasi ndi Oyilo wa Chule

A Diyasi tawaika m'manda sabata yatha, kumudzi kwa akazi awo kuseri kwa Chiringa. Pamaliropo panayankhulidwa zambiri, zina zoona, zina zongokometsera monga zimakhalira munthu akagona. Koma mawu amene andikhazika pansi kuti ndilembe izi ndi a mlamu wawo, a Matiyasi. Anaimirira ndi ndodo yawo, anatamanda malemuwo bwinobwino, kenako anati, "Munthu salephera kulakwa. Ngakhale alamu angawa, ndi ukatswiri wawo wonse uja, tsiku lina anathira oyilo wolakwika mu Chule mpaka tinawalanda makiyi. Koma ife tinakhululuka kalekale."

Kukhululuka chiyani? Ine ndinali pansi pakati pa amayi anzanga, ndipo chitenje ndinachifinya mpaka zala kuwawa. Zimene zinachitika a Matiyasi atangotseka pakamwa ndinena kumapeto. Ndiyambe ndi Chule, poti ana a masiku ano sakumudziwa.

Chule anali njinga yamoto ya mawilo anayi, ya matayala onenepa. Bungwe lina lachifundo linaipereka kuchipatala chathu chaching'ono matipate atangolowa kumene. Kwathu kuno dothi ndi lamakande. Mvula ikakhazikika, ambulansi inkathera pamsewu waukulu, ndipo wodwala wa m'midzi ya mkati ankabwera pamachira, anthu akusinthana mapewa. Ndiye kutabwera kanthu kokoka ngolo ya matiresi ndi tenti pamwamba, kosaopa matope, anthu anangoti uyu ndi Chule basi. Komiti ya chipatala inapereka makiyi kwa a Diyasi, ndipo poti kuchipatalako kunalibe pomusunga, Chule ankagona m'khumbi la pakhomo pawo.

Anali munthu wamfupi, wa dazi lobisika m'chipewa chansalu, manja okhakhala. Anabadwira tsidya lina la malire, cha ku Milanje, ndipo unyamata wawo wonse anauthera pansi pa mathirakitala m'minda ya tiyi ku Mulanje. Kuno anabwera kudzakwatira, ndiye kuti anali mkamwini mpaka tsiku limene tawaika. Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika mwa Chilomwe. Akakwiya ankachisiya n'kulowa Chilomwe chenichenicho, ndipo wosamva ankangodziwira pankhope kuti sakumudalitsa.

M'mawa uliwonse, asanalawe ngakhale chinangwa, ankasolola kachitsulo koyezera oyilo. Ankapaka oyiloyo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kutikita, kuyang'ana padzuwa, kenako kununkhiza maso atatseka. Ana ankati amanyambitanso, koma zimenezo ine sindinazione.

Ukawafunsa chifukwa chake, tsiku lako latha. Ankati Chule si galimoto. M'galimoto injini ili ndi oyilo wake, magiya ali ndi wawo, ndipo kilatchi, ija imalumikiza mphamvu ya injini ndi mawilo, imakhala pouma. Koma mwa Chule zonse zitatu zimasamba beseni limodzi. Ndiye ukathira oyilo wa galimoto, woterera mopitirira uja, mbale za kilatchi zimaleka kugwirana, magiya amalimba, injini imangolira mawilo ali chiimire. Ankati zili ngati kufuna kugwira mlamba manja ali therere lokhalokha. Fanizo limeneli tinalimva kusikelo ya ana, tinalimva kumsika, tinalimva ngakhale pachinkhoswe cha msuweni wanga, mpaka ankhoswe kuchita kuwapempha kuti akhale kaye pansi. Kunena zoona ankatopetsa. Ifeyo amayi tikawaona akubwera chala chili m'mwamba, aliyense ankakumbukira kuti wasiya mphika pamoto.

Mikangano ndiye sinkawasowa. Mwini sitolo wina paboma anawauza kuti oyilo ndi oyilo, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapondemonso, ngakhale kukagula machesi. Anthu ankabwera ndi mabotolo kudzapempha oyilo wakutha kuti akapake mitengo ya denga kuopa chiswe. Ankawapatsa, koma pambuyo pa ulaliki woti asakatayire pafupi ndi chitsime, ndipo wina akamva kuti wataya, ankamulondola mpaka pakhomo. Nthawi ya kampeni kunabwera anyamata a chipani china kuti awabwereke Chule anyamulire zokuzira mawu. A Diyasi anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mipando, kenako anazungulira kuseri n'kuchotsa pulagi, kuika m'thumba. Anyamata anasinthana kuliza mpaka thukuta, Chule ali duu. A Diyasi ankangopukusa mutu mwachisoni kuti wadwala mwadzidzidzi. Anawanena kuti ndi a chipani chinacho. Chisankho chotsatira a chipani chinachonso atabwera, Chule anadwala nthenda yomweyo.

Chilema chawo chachikulu chinali chakuti chiwongolero sankapatsa munthu. Ankati achinyamata amaponda giya ngati akupha njoka, pamene giya imafuna uyambe wasiya moto, uponde pang'ono, umve yokha ikuti tcha. Mwina ankanena zoona. Koma zotsatira zake zinali zakuti iwo akachoka, Chule ankagona, ndipo palibe wina amene ankadziwa za m'mimba mwake.

Tsopano ndinene za a Lusiyano. Anakwatira Esinati, mwana wotsiriza wa a Diyasi. Asanabwere kuno anali kondakitala wa minibasi za ku Limbe, mnyamata wosekaseka, wa wailesi paphewa, koma khasu linkamukana. Mizere yake inkayenda ngati yaledzera. A Matiyasi, amene anali malume wake wa Esinati, mwini mbumba, komanso wapampando wa komiti ya chipatala, sankamufuna n'komwe. Anali atanena kale poyera kuti akadzangolakwanso kamodzi adzapeza katundu wake ali panja. A Diyasi ndi mkamwini wawoyo sankayankhulana kwenikweni, osati chifukwa cha chidani, koma ulemu wa chipongozi. Akakumana panjira aliyense ankapatukira kwake, moni n'kuperekera chapatali.

Dzinja lina mvula itafika pachimake, a Diyasi ndi akazi awo anapita kumaliro a mlongo wawo kutsidya kwa malire, ndipo anakhalako masiku angapo. Lusiyano anaona kuti mpata wooneka munthu pamudzi ndi umenewu. Anagulitsa wailesi yake ija, anapalasa njinga mpaka paboma, n'kugula oyilo wa galimoto wapamwamba kuposa onse m'sitolomo. Anagulanso kabotolo ka mankhwala okhuthala ngati uchi amene madalaivala a minibasi amathira kuti injini izifewa. Anakhetsa oyilo wakale, anathira watsopanoyo, anamutsuka Chule mpaka matayala. Anauza Esinati kuti akawauze bambo ake madzulo akafika, amve kuti pakhomo pali mkamwini.

Koma zinthu sizinadikire madzulo. A Diyasi anatulukira masana ali chinyowere, ndipo pakhomo anapeza amuna anga, bambo a kwathu, akuwadikira. Ine matenda anali atayamba mbandakucha, mimba yoyamba, ndipo azamba a m'mudzi anali atanena kuti mwana wakhala molakwika, iwo sangathe. A Diyasi sanalowe ndi m'nyumba momwe. Anakoleka ngolo n'kuliza. Moyo wawo wonse, tsiku limenelo lokha ndi limene ananyamuka osanunkhiza oyilo.

Popita, ngolo ili yopanda kanthu, Chule anayenda. Pobwerera munali ine, amayi anga, ndi katundu amene mayi aliyense amanyamula popita kukachira: zitenje, lezala, ulusi, ndi beseni latsopano lachitsulo, loyera, la maluwa ofiira m'mbali, loti tidzasambitsiremo mwana. Bambo a kwathu ankatsatira pambuyo akukankha njinga. Tinaoloka kamtsinje ka m'dambo bwinobwino. Pokwera mtunda wa tsidya linalo ndi pamene injini inayamba kukuwa koma ngolo osasuntha. Ndinamva a Diyasi akuponda giya kuti atsitse, ikukana. Kunabwera fungo la chinthu chopserera. Anazimitsa.

Ndinkaona kudzera pampata wa tenti. Anasolola kachitsulo kaja, anatikita, ananunkhiza. Kenako anatsegula bokosi la masipanala ndipo anapezamo kabotolo ka mankhwala a minibasi, kotsala theka, kokulungidwa bwinobwino m'kansalu koyera. Anakayang'ana kanthawi. Sanatukwane, sanalowe Chilomwe. Anangoti chapansipansi, "Akamwini." Ine ndinamva, poti mutu wanga unali pafupi ndi bokosilo.

M'bokosi lomwelo sinkasowa chigubu cha oyilo woyenera, chosatsegula. Anachitulutsa n'kutembenukira kwa amayi.

"Mayi, ndibwerekeni beseni lija."

"Beseni la chiyani?"

"Ndikhetseremo oyilo woipayu."

Amayi anga sanali munthu wonyengerera. "Limeneli ndi la mwana. Pansi ponsepa mulibe malo?"

"Madzi akuyendawa akutsikira kuchitsime cha anthu ndi m'madimba umo."

"Mwana wanga akufa, inu mukuganiza za mpiru wa eni ake?"

"Mayi, chimene chikudya nthawi ndi mkanganowu. Beseni."

Ululu unali utandigwiranso, ndipo sindikanatha kuyankhula. Ndinangolikankha ndi phazi, beseni linagwera m'matope. Amayi anandiyang'ana ngati ndawagulitsa.

A Diyasi anagona chagada m'matopemo, mvula ikuwamenya kumaso, n'kumasula bawuti wapansi pa injini. Oyilo wotentha anawatsikira pamkono, ndipo chipsera chake apita nacho kumanda. Atatha anamanga, anathira wa m'chigubu, n'kuuza bambo a kwathu kuti agwire kumbuyo. Anamugwedeza Chule kutsogolo ndi kumbuyo, phazi lili pagiya mofatsa, mpaka tonse tinamva tcha. Anati kilatchi yamwa kale zoipa, ndiye singapirire katundu wambiri kapena kusinthasintha magiya. Amayi anatsika. A Diyasi nawonso sanakwere. Anaima pambali, chala chachikulu pa kachitsulo koperekera moto, n'kuyamba kuyenda naye limodzi pa giya yoyamba, amayi ndi bambo a kwathu akukankha ngolo.

Mtunda wonse wotsalawo mkulu uja anauyenda wapansi, thupi litapendekera pachiwongolero. Jombo imodzi inatsala m'matope, ndipo inayo anaivula okha n'kuitaya. Injini ikayamba kukuwa ankabweza chala, kudikira kuti igwire, n'kupitiriza. Njira yonse ankamuyankhula Chule m'Chilomwe, motsitsa mawu, monga amachitira munthu ndi ng'ombe yotopa. Ine ndinkangomvera mawu amenewo, ndipo ndi amene anandigwira mtima kuti ndisakomoke. Tinafika dzuwa lisanalowe. Mwana anabwera chamiyendo, koma anamwino anadziwa chochita, ndipo analira. Ndi Mwayi wangayu, amene chaka chino ali sitandade seveni ndipo amandiposa kale msinkhu. Tinamusambitsa m'beseni lobwereka.

Mawa lake a Diyasi anabwerera kudambo kukatenga beseni lija, limene analisiya pachulu atalivundikira ndi tsamba la nthochi. Sanataye ngakhale dontho.

Koma Chule anali atavulala. Mbale za kilatchi zinapsa, ndipo zatsopano zinachita kuitanitsidwa kutali. Dzinja lonse lotsalalo tinabwerera kumachira. Gogo wina wa cha ku Nazombe anamwalira ali pamapewa a anthu asanafike kuchipatala, ndipo abale ake ankafuna kudziwa amene anapha Chule. Komiti inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuchipatala. Ine ndinapita, mwana ali kumbuyo.

A Matiyasi anafunsa kuti anathira oyilo wa galimoto ndani. Ndinaona Lusiyano kumbuyo kwa amuna akuyamba kudzuka, nkhope itatuwa. A Diyasi anatsokomola. Anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, chinthu chimene sanachitepo, mpaka mnyamatayo anabwerera pansi. Kenako anavula chipewa.

"Chule ali m'manja mwanga. Ndinanyamuka naye osayang'ana oyilo. Mlandu ndi wanga."

"Ndiye kuti munathira ndinu, alamu?" anatero a Matiyasi.

"Ndati mlandu ndi wanga."

Anthu anang'ung'udza. Wina anaseka. Tangoganizani, munthu amene anatigonthetsa m'kutu zaka zonsezo ndi nkhani ya oyilo, lero wagwa ndi oyilo yemweyo. Makiyi anawalanda tsiku lomwelo n'kuwapereka kwa mnyamata wina, ndipo Chule atachira anasamukira kuchipatala.

Musaganize kuti sizinawapweteke. Zinawapweteka kwambiri. Amuna pabawo ankawafunsa kuti lero mwanunkhiza kodi. Ana ankawakuwa panjira. Achibale a gogo uja anasiya kuwapatsa moni. Fanizo la mlamba ndi therere linatha, pachinkhoswe ankangokhala phee chipewa chili pabondo. Ife amene tinkawathawa tinayamba kulakalaka atatitopetsanso. Chule akamadutsa ndi dalaivala watsopano, giya ikulira molakwika, ankatembenukira kukhoma.

Patapita nthawi chichitikire msonkhano uja ndinapita kukathokoza, nkhuku ili m'manja. Ndinawapeza okha m'khumbi lopanda Chule. Sindinazungulire.

"Bambo, ine ndinamva zimene munanena padambo paja. Ndikukawauza a Matiyasi."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandiuza kuti ndikhale pansi. Anati iwo akhala mkamwini zaka zochuluka kuposa zaka zanga zobadwa, ndipo akudziwa mmene mtolo wa munthu umaonekera ukaikidwa panja. Anati Esinati ali ndi pakati. Anatinso pamsonkhano paja sananame, poti mphuno anali nayo ndipo sanaigwiritse ntchito.

"Mnyamata uja anagulitsa wailesi yake chifukwa cha ine," anatero. "Ndimuthokoze pomuthamangitsa?"

"Nanga dzina lanu?"

"Mwana wanga, iwe samala mwanayo. Zimenezi uzisunge mpaka ine nditagona."

Ndinachoka nditakwiya, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe wonse mpaka lero. Ndinkaona kuti munthu wabwino akudzipaka matope dala. Koma ndinasunga. Beseni anakana kundibwezera, ati silingasambitsenso mwana.

Anayamba kukonza njinga zakapalasa m'khumbi lomwelo, kenako njinga zamoto za alangizi, nthawi zina injini ya chigayo. Pasanapite nthawi Lusiyano anayamba kumapezeka pamenepo. Sanapemphe ndipo sanaitanidwe. Ankangonjuta chapatali pang'ono, sipanala ikafunika n'kuisendeza. Poti mpongozi sangamulalatire mkamwini, a Diyasi anapeza njira yawo. Ankayankhula ndi njinga. Umamva akuti, "Iwe njinga, uwauze anthu kuti bawuti ameneyu samanga ndi mphamvu zonse." Lusiyano n'kubweza dzanja. Kapena, "Iwe njinga, wamwa chiyani kodi? Afunse amene ali ndi mphuno." Pamenepo Lusiyano ankasolola kachitsulo, kutikita, kununkhiza, kenako kutambasulira dzanja kumbali, osayang'ana, kumene a Diyasi anakhala pakampando kawo. Mkuluyo ankaweramira zalazo, kununkhiza, n'kugwedeza mutu kapena kuupukusa. Anaphunzitsana choncho zaka zonsezi, mpaka maso a a Diyasi atachita khungu ntchito yonse n'kutsalira mkamwini. Lero njinga yamoto ikavuta magiya kuchokera ku Jenala mpaka kuno, amati pitani nayo kwa a Lusiyano. Ali ndi ana awo angapo, nyumba ya malata, ndipo a Matiyasi omwewo akamadwala amawanyamula ndi iwowo.

Chule anayenda zaka zina zingapo n'kukalamba. Ali kuseri kwa chipatala, matayala anaphwa, nkhuku zimaikira mazira m'ngolo muja.

Ndibwerere kumaliro. A Matiyasi atanena zokhululuka zija, ine ndinali nditayamba kale kumasula pakamwa, poti pangano langa linali litatha. Koma wina ananditsogolera. Kumbuyo, kumene kunali amuna otema nkhuni, a Lusiyano anaimirira. Sanali pamndandanda wa oyankhula, ndipo mkamwini sayankhula pamalo ngati amenewo asanapatsidwe mpata. Anayenda mpaka kutsogolo, anagwada pafupi ndi bokosi, osati moyang'ana anthu.

"Amalume, pepani ndalowerera. Oyilo uja ndinathira ndine. Apongozi anga kunalibe, anali kumaliro. Ndinkafuna kudzuka pamsonkhano paja, iwo anandikhazika pansi. Ndapempha kambirimbiri kuti ndinene, ankakana. Asapite nalo dzina limeneli."

Ine ndinayankhula ndili pansi pomwepo kuti ndinalipo padambo paja ndipo ndi zoona. Esinati anayamba kulira mwatsopano. A Matiyasi, ali chiimire, anafunsa, osadziwika kuti akufunsa yani, "Zaka zonsezi?" Anakhala pansi pang'onopang'ono n'kuphimba nkhope ndi chipewa, ndipo sanachichotse mpaka bokosi litanyamulidwa.

Dzulo ndinadutsa pakhomopo pochokera kumsika. Khumbi lilipo, udzu wake wayamba kuthothoka mbali imodzi. Pansi ndi pakuda, polimba, poti dothi linamwa oyilo wa zaka zambiri. Beseni langa lija lili pamsomali wa nsanamira yapakati, lakuda mkati ndi kunja, maluwa ofiira aja sakuonekanso. Kampando kawo ka miyendo itatu kali pomwe kankakhala, ndipo palibe amene wakasuntha kapena kukhalapo.

A Lusiyano anali atanjuta pambali pake, akuona njinga yamoto ya mlangizi wina. Sanandione. Anasolola kachitsulo, anatikita oyilo pakati pa zala, ananunkhiza. Kenako anatambasulira dzanja kumbali, osayang'ana, cha kukampando kaja. Dzanja linakhala m'malere kanthawi ndithu. Atazindikira, analibweza pang'onopang'ono n'kulipukutira pabuluku.